Fodya Wanga Wafika ku Lilongwe

Lolemba, 20 Januwale 2025

Buku ili anatigawira chaka chatha ku semina ya Tauni Yanzeru kuti tizilembamo zochitika. Miyezi isanu lakhala likuchirikiza mwendo wa tebulo. Lero ndati ndiyambe, bolopeni isanaume.

Zochitika ndi izi. Mlongoti Wanzeru udakaima kumunsi kwa msika, panjira yotsikira kudoko, mkati mwa mpanda wake wa waya. Pamwamba pali sola, kenako getsi, kenako kabokosi koyera ka timabowo ngati mphuno ya nkhumba. Intaneti yaulere imene unkapereka inagwira masabata atatu, anthu n'kuunjikana ngati ntchentche pa matumbo a nsomba, kenako zii. Koma mphuno ikugwirabe. Tsiku lotsegulira anatiuza kuti imanunkhiza mpweya wa Nkhata Bay n'kutumiza ku likulu la pulojekiti ku Lilongwe, mabwana n'kumaona pa kompyuta.

Ine nditamva zimenezo ndinawamvera chisoni mabwanawo. Munthu kukhala mu ofesi tsiku lonse kumanunkhiza usipa wa eni, osaulawa. Ndiye m'mawa uliwonse hafu sikisi, popita kukaona amene abwera ndi nsomba, ndimathyola phesi la tsamba la papaya, lija la bowo m'kati, ndimalilowetsa pa waya mpaka pamphuno, n'kuwauzirira chingambwe changa. Katatu. Koyamba bwana wamkulu, kachiwiri wachiwiri wake, kachitatu dalaivala, poti madalaivala amaiwalika pa zabwino.

Ndipo ndine membala wa komiti yosamalira mlongotiwo. Cyrus Manda, Sitandade 5, zaka 74. Anandisankha chifukwa pa semina ndinafunsa ngati tauni ikakhala yanzeru ife eni ake tiloledwa kukhalabe opusa. Mzungu wa a thandizo anati funso labwino, anthu n'kuwomba m'manja. Wapampando ndi a Yona Mphande, kalaliki wopuma ndiponso mkulu wa mpingo. Kiyi wa mpanda amavala m'khosi ngati chithumwa.

Mapazi khumi kuchoka pa mlongoti pali chiwaya cha alamu anga a Margaret, mkazi wa malemu mng'ono wanga. Zaka 19 akukazinga nsomba za batala ndi chinangwa pamenepo. Aliyense wopita kudoko amadutsa pomwepo, ndipo adzukulu atatu amadyera chiwaya chimenecho. Lero ndawauza kuti nsomba zawo zakalamba kuposa ine. Ati, "Koma zili ndi mano, a Magweru." Ndagonja. Andipatsa mutu wa batala.

Lachitatu, 22 Januwale

Zavuta.

Susan, mtsikana wa ku ofesi ya Tauni Yanzeru pamtunda paja, watsika m'ma 10 ndi envulopu n'kupereka kwa alamu ndi manja awiri. Ine ndinali pabenchi ndikudya chinangwa chaulere, ndiye anandipatsa kuti ndiwerenge poti magalasi awo anaiwala kunyumba. Kalata ya ku likulu. Akuti mphuno yapeza utsi woopsa pamalopo m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi, woposa wa m'misewu ya ku Lilongwe, ndipo atayang'ana mapu apeza kuti moto wapafupi ndi umodzi wokha, wa Mayi Margaret Manda. Asamuke pofika Lachisanu pa 31, apite kuseri kwa mashedi atsopano kumtunda.

Kuseri kwa mashedi. Kumene kumapita mbuzi ndi amuna ofuna potaya madzi.

Alamu anati iwo moto amakoleza 8 koloko, akachoka kopikula nsomba. Susan anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi. Kamzere kogona bwinobwino, kenako hafu sikisi n'kudzuka phiri. Phiri la nsonga zitatu. Bwana, wachiwiri, dalaivala.

Chinangwa chinandiima pakhosi. Alamu anandimenya kumsana n'kunena kuti ndisafere pa bizinesi yawo, ili kale pa mavuto.

Susan anati iye wangotumidwa, ndipo makina sanama. Ine phee. Pakamwa pamene sipanatsekepo chibadwire, lero patseka.

Lachinayi, 23 Januwale

Mabwana lero aswera ndi chibaba. Nanenso fodya sakukoma.

Lachisanu, 24 Januwale

Ndinavala jekete langa la ku Harare, lija ndinkaperekera zakudya ku hotela, n'kukwera mtunda kuti ndikakonze nkhani popanda kuulula. Nzeru yanga inali yoti ndikanene kuti mphuno yadwala chimfine.

Mu ofesi muli Susan yekha, mipando isanu ndi umodzi, chidindo, ndi chinsalu cholembedwa kuti TAUNI YANZERU, TSOGOLO LOWALA, chimene tsopano akutchingira dzuwa pawindo. Ena onse anapita mu Disembala pulojekiti itatha. Iye anamusiya kuti atseke bwino.

Ndinati mwana wanga, ibwezeni kalatayo, makina akudwala. Anandifotokozera, ndipo ndilembe bwino poti mutu unazungulira.

Kalata analemba a Nthambi ya Mpweya Wabwino ku likulu. Nthambiyo anaitseka pa 31 Disembala, kalata ili kale m'njira. Ndiye wolemba kulibe. Amene angaifafanize ndi mwini wake wa mlongoti. Mwini wake ndi komiti yathu, koma pokhapokha utachitika mwambo woupereka m'manja mwathu, umene amati handova. Handova imafuna chikalata cha kampani imene inazika mlongoti, chonena kuti ukugwira ntchito. Kampani imabwera ikaitanidwa ndi pulojekiti. Pulojekiti inatha.

Bwato la munthu wopalasa mbali imodzi. Thukuta lambiri, doko lomwelo.

Ndinafunsa kuti nanga wodzachotsa chiwaya pa 31 alipo? Anati ee, amenewo alipo, ndi anyamata a yunifolomu, ndipo kope la kalata linawafika kalekale. Wochotsa alipo, wokhululuka kulibe. Ngakhale ku hotela kuja mzungu wokuchotsa ntchito ankakhala ndi mkazi woti ukamudandaulire.

Susan anaimbira Richard wa ku kampani ija ku Mzuzu, n'kukweza mawu a foni kuti ndizimva. Richard anati mlongoti si wawonso, iwo anazika n'kusamba m'manja. Ndinamufunsa ngati mphuno imasiyanitsa utsi wa nkhuni ndi wa fodya. Anati ayi, mukufunsiranji madala? Ndinati ndikufunsira mnzanga.

Susan anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana chinsalu.

Lamulungu, 26 Januwale

Titatuluka m'tchalitchi ndinawagwira a Yona pansi pa mtengo wa mango kuti tiitanitse komiti, tilembe kalata yoikira kumbuyo alamu. Anagwira kiyi wawo pachifuwa n'kundiuza kuti komiti isanalandire handova ndi komiti yoyembekezera, ndipo ntchito ya komiti yoyembekezera ndi kuyembekezera. Munthu ameneyu ngakhale tsiku la chiweruzo adzafunsa ngati mngelo wabwera ndi kalata yodindidwa.

Alamu lero sanaimbe ndi amayi a Umanyano. Nditawafunafuna ndinawapeza kuseri kwa mashedi, adakali mu zovala za kutchalitchi, akuyeza malo ndi mapazi. Pali fungo loti mphuno ya mlongoti itabwera ingapemphe tchuthi. Tinaima pamenepo mwina theka la ola. Kunadutsa mbuzi ziwiri ndi bambo mmodzi amene atationa anabwerera.

Ndinati malo abwino awa alamu, mbuzi sizinenerera mtengo.

Sanaseke. Sanandinyoze n'komwe. Anangoti, "Ada Manda, pitani mukapume."

Ada Manda. Chichokereni mano anga akutsogolo sananditchulepo choncho. Bola akanandithira mafuta a m'chiwaya.

Lolemba, 27 Januwale

Ndakwera mtunda opanda jekete. Ndinathyola phesi la papaya panjira, n'kukaliika pa tebulo la Susan pafupi ndi chidindo. Ndinati mnzanga uja ndi ine.

Anafunsa kuti bwanji nsonga zitatu. Nditafika pa dalaivala anagwetsa mutu pa tebulo, mapewa akugwedezeka, misozi mbwembwembwe. Ndinayamba kumva bwino, poti munthu akaseka ndiye kuti nkhani yapepuka. Koma atapukuta maso anati ayi agogo, siinapepuke. Ku likulu mawu a munthu salowa mu kompyuta. Nambala inatsutsa a Margaret, nambala yomweyo ndiyo iwapulumutse.

Akuti Lachisanu 7 koloko m'mawa kubwera Mayi Phoebe a ku likulu kudzajambula mlongoti, chithunzi cha lipoti lomaliza, kenako ulendo wa ku Mzuzu. Anyamata a yunifolomu abwera 9 koloko. Ndiye pakati pamenepo, moto wa alamu usanayake, ndisute pamaso pa mayiwo phiri lidzuke pa foni iwo akuona.

Ndinafunsa ngati kulibe njira ina yoti msika wonse usaone. Anati ilipo, kuseri kwa mashedi.

Mwana ameneyu ali ndi ulemu woluma.

Lachiwiri, 28 Januwale

Katatu konse ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze alamu. Koyamba panatuluka nkhani ya mvula. Kachiwiri ya bondo langa. Kachitatu ndinangoyasamula.

Ayamba kumasula nsungwi za kamthunzi kawo. Ndinafuna kuwathandiza, anati zisiyeni mungadzipweteke. Mutu wa batala anandipatsa, koma pa pepala, ngati kasitomala.

Lachitatu, 29 Januwale

Nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija! Kuyambira m'mawa zinaoneka patali ngati nyanja yagwira moto, mizati itatu yakuda kuloza kumwamba, ndipo masana mphepo inazibweretsa kumtunda. Tauni yonse kutsokomola. M'maso, m'makutu, mu tiyi. Amayi kuthamanga ndi malichero onyowa akuwazunguza m'mwamba kuti tizilombo timatirire, ndiwo za sabata yonse zabwera zokha. Ndinaona a Yona akuyenda atatseka pakamwa ndi buku la nyimbo.

Ndinauza anthu pamsika kuti lero mphuno inena kuti Nkhata Bay yense wapsa, ndipo kalata ikubwera yoti nyanja isamukire kuseri kwa mashedi. Anaseka onse kupatula mmodzi.

Lachinayi, 30 Januwale

Mlongoti wafa.

Getsi lake linakoka nkhungu zonse za m'boma lino. Kutacha sola yonse inali itamatidwa bii ngati chiwaya chosatsuka, ndipo ka getsi kobiriwira ka pamphuno kanali katazima. Susan anatsika akuthamanga, foni ikuonetsa mbee, palibe ngakhale kamzere. Mawa ndisuta mpaka kukomoka, ku Lilongwe sikufika kanthu.

Anaimbira Richard. Anati si nkhani, ingopukutani sola ndi chiguduli chonyowa, dzuwa likawomba udzuka wokha. Susan anafunsa kuti wopukuta ndani malinga ndi mapepala. Richard anati mwini wake. Tabwereranso padoko paja.

Tinawaitana a Yona. Anabwera atavala chipewa chawo cha ku Joni chimene anawasiyira bambo awo, chija sachivula ngakhale pometa. Anati kutsegula mpanda handova isanachitike ndi kuthyola katundu wa boma. Ndinati chabwino wapampando, sititsegula. Nanga malamulo akuti chiyani za kupukuta uli kunja? Anatulutsa kabuku ka semina, anawerenga mpaka kuchikuto, n'kuvomera kuti za kunja sanalembe.

Ndinabwereka nsungwi ziwiri pa zimene alamu amasula, ndinazilumikiza ndi linya, kunsonga n'kumangako thumba lonyowa. Sizinafike. Zinatsala mkono umodzi. A Yona anaima pafupi akulamula, kumanja Ada Manda, ayi kumanzere, kwezani. Ndiye potsitsa, nsungwi inaterereka. Ndikulemba m'buku la boma, ndiye ndinene kuti inaterereka. Inakola chipewa cha ku Joni, n'kuchikweza bwinobwino, n'kukachitula mkati mwa mpanda.

Dazi la a Yona ndinali ndisanalionepo. Msika wonse unali usanalionepo. Mayi wina wogulitsa tomato anati sola ina nayi.

Anaima kanthawi dzanja lili pamutu. Kenako anavula kiyi m'khosi n'kulengeza kuti kutola chipewa si kutsegula mwalamulo, ndipo zisalembedwe. Chitseko chitangotseguka ndinalowa pambuyo pawo ndi nsungwi zanga, ndinati ndikuwaperekeza. Uli mkati zimafika. Tinapukuta, iwo atagwira pansi ine pamwamba, nkhungu zikutigwera kumaso ngati phala. Susan ankatungira madzi. Alamu ankangoyang'ana ali pa chiwaya.

Mitambo inatizunza mpaka 2 koloko. Itangokwana 4, ka getsi kobiriwira kanaphethira. A Yona anati haleluya, kenako anakumbuka, anatseka n'kubweza kiyi m'khosi.

Chingambwe ndapichira kale zitatu zonenepa. Jekete ndasita.

Lachisanu, 31 Januwale

Mayi Phoebe anafika 7 koloko itapitirira pang'ono, galimoto yaikulu yoyera, nsapato zosayenera matope athu. Ankafuna chithunzi basi. Susan anawanong'oneza. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti mphindi zisanu.

Anthu anali atadzaza kale, sindikudziwa anawauza ndani. Alamu anakhala pa benchi, chiwaya chozizira, katundu atamanga m'madengu kudikira a yunifolomu.

Susan anaonetsa foni, kamzere kali chigonere. Ndinavula chipewa. Ndinanena mokweza kuti moto wa alamu anga ulibe mlandu, utsi wa miyezi inayi uja ndi wanga, ndinkapereka moni ku likulu. Ndinalowetsa phesi pa waya. Machesi awiri anathyoka.

Ndinauzira koyamba. Mayi Phoebe anaweramira pa foni. Kachiwiri. Susan anati taonani, ladzuka. Ndisanauzire kachitatu ndinati iyi ndi ya dalaivala, ndipo bambo wa m'galimoto uja anatulutsa mutu pawindo n'kuthokoza kuti yewo ada. Msika unagwa nazo. Ine sindinayang'ane ku benchi.

Mayi Phoebe sanaseke msanga. Anati phiri limeneli lili pa tsamba 12 la lipoti lopita kwa a thandizo, ngati umboni woti makina apeza vuto lobisika. Ndinati alipezadi mayi, ndi ine. Apa ndi pamene anagwira pakamwa.

Susan anawakumbutsa za kalata ndi za 9 koloko. Mayiwo anati iwo sangaifafanize, si mwini wake. Ndinamva bwato likuyambanso kuzungulira. Koma anayang'ananso wotchi n'kunena kuti, "Pulojekiti inathadi, koma mpaka 12 koloko lero pulojekitiyo ndi ine. Muimbireni wa kampaniyo, ndikumuitana."

Richard anaona ka getsi kobiriwira kudzera pa foni, anati ukugwira, n'kutumiza chikalata pa foni pomwepo. Handova inachitika pamatope. A Yona anavula kiyi, anapereka kwa Mayi Phoebe, Mayi Phoebe anawabwezera, dalaivala n'kujambula. Miyezi isanu takhala tikudikira zimenezo.

Msonkhano woyamba wa komiti yeniyeni unatenga mphindi zinayi, pa boneti ya galimoto. Mfundo yoyamba, kalata ya Mayi Margaret Manda yafafanizidwa. Susan anadinda mwamphamvu mpaka dalaivala anadandaulira boneti. Ine ndinati tatha. A Yona anati ayi, pali mfundo yachiwiri, ndipo ndinaona kuti dazi lija sanaiwale. Wopukuta sola Lolemba lililonse ndiponso nkhungu zikagwa, Cyrus Manda. Mfundo yachitatu, membala ameneyu asasute pa mtunda wa mapazi makumi awiri kuchoka pa mlongoti. Ndinawerenga mapazi m'mutu. Benchi la alamu lili mkati.

A yunifolomu anafika ndi wilibala 9 koloko yeniyeni. Anawerenga pepala, anayang'ana chidindo, wamkulu wawo n'kufunsa ngati batala apsa msanga poti abwera kale.

Apa ndinalibenso kothawira. Ndinapita ku benchi chipewa chili m'manja. Ndinati alamu, ndinachimwa.

Anamasula dengu limodzi, pansi pa mapoto n'kutulutsa mtolo womanga ndi linya. Mapesi a papaya ouma, mtolo waukulu ngati wa nkhuni. Onse amene ndinkataya pa mpanda, iwo ankatola posesa m'mawa.

Ndinafunsa kuti munadziwa liti.

Anati, "Tsiku la kalata lomwe lija. Nsonga zitatu. Ndani winanso mu Nkhata Bay muno angakumbukire dalaivala?"

Ndinati nanga osanena bwanji, mukanataya malo.

"Ndikapereke akulu ake a malemu amuna anga ku boma? Ndimati ndione ngati pakamwa pamenepo pamatulukanso zoona. Masiku naini."

Anathyolathyola mapesi aja n'kuwaika pansi pa chiwaya. Kenako anatambasula dzanja. Ndinawapatsa machesi. Dzanja silinabwerere. Ndinawapatsa ndudu ziwiri zotsala zija. Anaziponya pamwamba pa mapesi, anayatsa, moto n'kugwira nthawi yomweyo.

"Mwaimiranji ngati mlongoti, a Magweru? Mangani nsungwi zanga mmene munazipezera."